Mpata wa Zala Zitatu

Tsiku limene ndinayamba kucheza ndi a Margreth Nambewe, mikono yawo inali itatuluka zidzolo kuyambira m'zigongono mpaka m'zala. Tinakumana pokwerera basi ku Balga, dera limene timakhala kutsidya la nyanja kuno, ine ndikupita kuntchito, iwo akuchokera kokasiya ana kusukulu. Kutchalitchi ndinkawaona, atakhala kumbuyo ndi mapasa a achimwene awo, koma tinkangopatsana moni basi. Ndinawafunsa ngati adya chinthu chosayanjana nacho. Anaseka n'kunena kuti ayi, chimenecho ndi chitedze cha azungu, chimabwera chokulunga m'mapulasitiki.

Chitedze chakecho chinali insuleshoni, timatiresi tachikasu timene amayala kunsi kwa denga kuti nyumba isatenthe kwambiri mu Januwale ndiponso isazizire mu Julayi. A Margreth, mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, ankayala okha timatiresi timeneti m'chipinda cha m'denga la nyumba ya achimwene awo, chifukwa anawauza kuti chipindacho chikatha chidzakhala chawo.

Anabadwira pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu, kumene bambo awo anali tenanti. Sukulu analekezera Sitandade 6, chaka chimene mayi awo anamwalira n'kusiya mwana wa zaka zinayi, Rodney. Iwo ndiwo ankamusambitsa ndi kumuphikira, ndipo masana ankasoka fodya ndi kumupachika m'chigafa pamodzi ndi bambo awo. Rodney anaphunzira mpaka kukhala injiniya. Panopa amagwira ntchito kumgodi wina kumpoto, ulendo wa pandege: milungu iwiri kumgodi, mlungu umodzi kunyumba. Akazi awo, a Samantha, ndi namwino wosinthasintha mashifiti. Mapasa atayamba sukulu panasowa wowaperekeza ndi kukawatenga, ndiye anaitanitsa a Margreth pa viza ya alendo. Iwo anatseka kanyumba kawo pa Chinkhoma, nkhuku n'kusiyira mwana wawo wamkazi, n'kubwera.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba chakufupi ndi yunivesite ya Murdoch. Chilichonse chimene ndachita chimalembedwa: nthawi yakuti ndasambitsa uje, nthawi yakuti ndasintha zofunda. Mwina n'chifukwa chake maso anga amagwera pa ntchito imene silembedwa paliponse. M'nyumba ya a Rodney munali zipinda zogona ziwiri, cha makolo ndi cha ana. A Margreth ankagona pabalaza, pa sofa yotambasula. M'mawa ankapinda zofunda n'kuzibisa kuseri kwa makina ochapira, kuti mlendo akalowa asadziwe kuti pamenepo pamagona munthu. Chikwama chawo chinkakhala mu galaja, ndipo povala ankavalira kubafa. Pamene tinkakumana anali atakhala choncho miyezi isanu ndi iwiri osadandaula.

Nyumbayo ndi imodzi mwa nyumba zochepa ku Balga zokhala ndi denga lamalata lotsetsereka kwambiri. Mwini wake woyamba anaika masitepe, thabwa lapansi ndi zenera limodzi m'dengamo, kenako n'kulekera pomwepo. Ukakwera unkangoona mitanda ndi malata. Pakati unkaima bwinobwino, koma m'mbali denga linkatsika mpaka m'mawondo.

Pa Khirisimasi, alendo tili pomwepo, a Rodney anaimirira ndi tambula m'manja n'kunena kuti: “Achemwali, chipinda chapamwambachi n'chanu. Tikachimaliza mudzakhala ndi chitseko chanuchanu, ndipo mapepala anu tiwakonza kuti muzikhala konkuno.” Tonse tinaomba m'manja. A Margreth anali ataima pakhomo la khitchini ndi mbale zoti akatsuke, ndipo anangowerama pang'ono.

Katundu anagulidwadi mu Januwale n'kuunjikidwa mu galaja. Koma a Rodney akabwera kuchokera kumgodi ankakhala otopa, ndipo akapuma tsiku lobwerera linkakhala lakwana. Kutentha kutachepa mu Epulo, a Margreth anaganiza zoyamba okha.

Chingerezi cha m'mapepala chinkawavuta, ndiye tsiku lomwe tinakumana lija anandipempha kuti ndikawawerengere malangizo amene anabwera ndi katunduyo. Ndinapita Lachitatu, tsiku langa lopuma. Tinakhala pa masitepe, ine kuwerenga n'kumamasulira. Pepalalo linkati mpweya wofunda wa m'chipinda umanyamula chinyezi chochokera m'kupuma kwa anthu, m'zovala zonyowa ndi m'nthunzi ya ketulo. Ukakwera n'kugunda malata ozizira umasanduka madzi. Insuleshoni ikagundana ndi malata imamwa madziwo, mitanda imawola, siling'i imachita chuku. Choncho pafunika kusiya mpata pakati pa malata ndi insuleshoni, kuyambira m'munsi mwa denga mpaka pansonga, ndipo mpatawo ukhale wotseguka mbali zonse ziwiri kuti mphepo izidutsa.

A Margreth anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Basi? Ndiye chigafa chimenecho.”

Anandifotokozera kuti fodya ukamupachika mothinana nthawi yamvula amawola asanaume, ngakhale asanyowe ndi dontho limodzi. Bambo awo ankadutsa m'chigafa monse akulowetsa zala zitatu pakati pa ndodo ndi ndodo, ndipo pamene zala zakana kulowa ankamasula n'kupachikanso. Malata kutuluka thukuta m'mawa wa mu Juni ankazidziwanso, poti kwathu aliyense wogona m'nyumba yopanda siling'i anadonthezeredwapo pamphumi. Chachilendo kwa iwo chinali chakuti kuno mvula ndi chisanu zimabwera pamodzi.

Anagwira ntchitoyo motere. M'mbali mwa mtanda uliwonse ankakhomera kathabwa kopyapyala, zala zitatu kuchokera pa malata, n'kumanga zingwe zopingasa kuti katiresi kakalowa kalekezere pomwepo, kasafufume n'kukagunda malata. Timatiresito ankadula ndi mpeni wa buledi, chifukwa mano ake sankang'amba. A Samantha atadandaula kuti mpeni wabuntha anagula wina, wakalewo n'kukhala wa a Margreth. M'munsi mwa denga, kunja, munali timabowo ta mpweya timene tinali titadzaza masamba ndi zisa zakale. Anatokosa tonse, n'kuikamo sefa watsopano woletsa mbalame ndi tizilombo. Mbali ya kuchipinda anayala nsalu yoyera yonga pepala n'kumata tepi polumikiza paliponse, kuti mpweya wa m'chipinda usapeze pothawira kupita kumalata.

Mkulu wina wa kusitolo ya zomangira anawachenjeza kuti asamakwere m'denga magetsi akuyaka. Ndiye tsiku lawo linkayenda mozungulira swichi yaikulu. Kuchapa, kusita ndi kuphika ndiwo zamadzulo ankamaliza asanaperekeze ana. Akabwerako ankazimitsa magetsi a nyumba yonse, kuvala malaya aatali manja, kuphimba mphuno, kumanga duku, n'kukwera. Itakwana 1 koloko ankatsika kuti filiji isasungunuke, kusamba madzi ozizira kuti kuyabwa kuchepe, n'kupita kukatenga ana. M'makona ankagwira atagona chagada, mphuno ikutsala pang'ono kugunda mtanda. Ine ndinkabwera Lachitatu lililonse kudzawapatsira timatiresi. Ndinkachoka khosi likukanda, koma iwo ankakhalamo masiku asanu pamlungu.

Atatsala pang'ono kumaliza anandiitana kuti ndidzaone chinthu. Anasomola ulusi pa chitenje chawo n'kuulendewetsa mumpata muja, pafupi ndi nsonga ya denga. Kunja kunali bata, koma ulusi unkagwedezeka n'kumaloza m'mwamba. Anandiyang'ana ngati mwana amene wakhoza mayeso, n'kunena kuti denga likupuma. Tsiku lomwelo anandisonyeza pamene padzakhale bedi, pamene adzapachike madiresi, ndi pazenera pamene adzaike mpando woti azikhalapo akamaimbira foni mdzukulu wawo. Anati chiyambire sanagonepo m'chipinda choti akatseka chitseko wina n'kuyamba wagogoda.

Ntchito yonse inatenga milungu isanu ndi umodzi. Kumapeto kwa Meyi a Rodney anaitana anzawo anayi a kumgodi kuti adzakhome mabodi a siling'i. Anayamba m'mawa Loweruka, dzuwa lisanalowe anali atamaliza. Kuseri kwa nyumba kunali nyama yootcha, amayi tili kukhitchini, a Margreth akukwera ndi kutsika ndi madzi akumwa. Madzulo abambowo anajambulitsa ataima m'chipindamo, m'mutu muli fumbi loyera, ndipo chithunzicho chinazungulira pa gulu lathu la pafoni ndi mawu akuti ntchito ya manja athu. Timatabwa, zingwe ndi tepi zonse zinali zitabisika kuseri kwa mabodi.

Pootcha nyama paja, a Obby, mnzawo wa ku Lusaka wokonda nthabwala, anayang'ana m'mwamba n'kuona timabowo tija. “Ba Rodney, nyumba ni yabwino maningi. Manje tumabowo utu? Mufuna kusunga nkhunda?” Anthu anaseka. Wina anawonjezera kuti kwathu nyumba yosatseka pakati pa khoma ndi malata imakhala yosatha, mwini wake simenti inamuthera panjira. A Rodney anaseka nawo, koma ndinaona kuti sizinawakomere.

M'mawa mwake, pochokera kutchalitchi, ndinadutsira kwawoko kukatenga poto wanga. Ndinapeza a Rodney ali pa makwerero ndi chitini cha thovu lija limafufuma n'kuuma gwaa, akupopera m'bowo lililonse. A Margreth anali pansi, atagwira makwererowo kuti asagwe.

“Achimwene, pamenepo musatseke. Ndi mphuno za denga zimenezo.”

“Achemwali, mwaiwala nyumba ya pa esiteti ija? Mphepo, mileme, makoswe kutiyenda pamutu. Ine ndinalumbira kuti sindidzakhalanso m'nyumba yoboola m'mbali.”

“Ija inalibe siling'i. Apa mphepo sikulowa m'chipinda ayi, ikungodutsa kuseri. Mukatseka, chisanu chikabwera mudontha.”

“Ntchito mwagwira, tathokoza. Zotsalazi tisiyireni ife.”

A Margreth anapitiriza kugwira makwerero mpaka bowo lomaliza.

Mu Juni anapaka penti okha, n'kusoka katani ya pazenera ndi chitenje chobiriwira chimene anachokera nacho kumudzi. Bedi latsopano linabwera. Atafunsa tsiku losamukira anauzidwa kuti adikire fungo la penti lithe. Fungolo lisanathe, kumayambiriro kwa Julayi, kunafika Fortunate, mng'ono wawo wa a Samantha, mtsikana wa zaka makumi awiri wodzaphunzira unamwino ku Murdoch. A Samantha anati mwana wasukulu amafuna malo abata owerengera, ndiye ayambe wakhala pamwambapo kwa milungu ingapo mpaka apeze malo ake. Masutikesi ake anakweza ndi a Margreth.

Fortunate ndi mwana waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unaulula. Tsiku lina akutsuka mbale limodzi anawathokoza a Margreth chifukwa cha chipinda chokongola. Anati asisi ake anayamba kumutumizira zithunzi mu Febuluwale, mudakali malata okhaokha, n'kumamuuza kuti chipinda chako ndi ichi, ukamafika chikhala chitatha. A Margreth anandiuza zimenezi patapita masiku awiri, tili pokwerera basi pomwe paja. Anawerenga miyezi pa zala: Febuluwale, Malichi, Epulo. Iwo anayamba mu Epulo. Atawafunsa achimwene awo pafoni, yankho linali lakuti zimenezo n'za amayi m'nyumba, asade nkhawa, n'zakanthawi.

Kenako kunabwera m'mawa wozizira uja wa kumapeto kwa Julayi, kumwamba kopanda mtambo, magalasi a galimoto atayera. Fortunate ankagona ndi hita, zenera lotseka, mayunifolomu ake atayanika pa kachingwe m'chipinda momwemo poti masiku amenewo mvula inkagwa kawirikawiri. Madontho anayamba kutuluka pamene mabodi analumikizana, n'kugwera pa mabuku. Pasanathe milungu iwiri siling'i inachita mawanga akuda motsata mitanda, m'chipinda n'kumanunkha ngati thumba la chimanga chonyowa. Fortunate anayamba kutsokomola.

Lamulungu lina, tikumwa tiyi titaweruka mapemphero, ndinamva a Rodney akufotokozera abambo anzawo za kudonthako. Anati kulakwa n'kwawo, anasiyira achemwali ntchito yofunika munthu wodziwa. Munthu wa kumudzi ali ndi mtima wothandiza koma denga si dimba. A Margreth anali pa sinki kuseri kwa khoma lopyapyala, akutsuka makapu amene abambowo ankamwera. Ine ndinaima pakati, thireyi ili m'manja. Ndinkadziwa amene anatseka mabowo, ndinaona ndi maso anga. Koma amuna anga ntchito ya kumgodi analowa kudzera mwa a Rodney, ndipo ine mwachibadwa si munthu wolankhula pagulu. Ndinatolera makapu n'kupita nawo ku sinki. A Margreth anawalandira osandiyang'ana.

Kuno tili ndi chizolowezi. Munthu akamapita kumudzi, uthenga umayenda, ndipo aliyense amabweretsa kaphukusi koti akapatse abale: mankhwala, nsapato za ana, foni yakale. Kumayambiriro kwa Ogasiti a Samantha analemba pa gulu la amayi kuti alamu awo akupita pa 27, amene ali ndi timaphukusi topepuka abweretse msanga. A Margreth sanali pa gululo. Ine ndinaganiza kuti mwina pali vuto kumudzi ndipo achita manyazi kundiuza. Ndinagula mafuta opaka m'mawondo a mayi anga ndi juzi, n'kukulunga bwino, n'kupita.

Ndinawapeza akusita zovala za kumgodi za achimwene awo, zija za mtundu wa lalanje. Ndinaika kaphukusi patebulo n'kunena kuti mayi anga adzatuma munthu kudzatenga ku Lilongwe, asavutike kukafika nako ku Dedza.

“Amayi a Bennett, akupita ndani?” anandifunsa.

Ndinafuna kunama, koma bodza silinabwere.

“Amati inuyo, a Nambewe.”

Anazimitsa simbi, kuimika bwinobwino, n'kukhala pa sofa yawo ija. “Liti?”

“Pa 27.”

“Mwezi uno?”

Ndinavomera ndi mutu. Anasalaza chitenje pa maondo. Kenako anati sabata yatha anawagulira sutikesi yaikulu, n'kuwauza kuti ndi yoti aziikamo zofunda za pabalaza kuti zisamachite fumbi.

Ndinatenga kaphukusi kanga kuti ndibwerere nako. Anandiletsa, akuti mayi anga alibe mlandu, mawondo awo sakudziwa za ku Balga.

Zinadziwika pambuyo pake kuti tikiti inagulidwa mu Juni, mlungu womwe iwo ankapaka penti. Sindikudziwa ngati malamulo a kuno akanalola kuti akhalitse. Chimene ndikudziwa n'chakuti fomu ina iliyonse sinatumizidwe. Fortunate anali atabwera, ndipo masiku amene alibe kalasi akanatha kumatenga ana. A Rodney anati ankafuna kuwauza okha akabwera kuchokera kumgodi, pamaso m'pamaso, mwaulemu. A Samantha anati ankayesa kuti amuna awo anena kale.

Mlungu womaliza a Rodney anali kumgodi. Lolemba a Margreth anandiimbira kuti ngati ndili ndi mpata ndidzawagwirire makwerero. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga. Ndinawapeza atamanga duku lija, mpeni wa buledi uli m'manja. Anakwera n'kuyamba kutokosa thovu louma lija m'bowo loyamba. Linali litamatirira pa sefa ndi pa thabwa, ndipo linkachoka timaduka ting'onoting'ono tonga zinyenyeswazi za chikondamoyo. Mabowo analipo makumi awiri ndi anayi. Anatokosa masiku atatu, pakati pa kuperekeza ana ndi kukawatenga, m'manja mukuchita matuza.

Tsiku lachiwiri mtima unandiwawa, ndipo ndinawafunsa kuti akuvutikiranji ndi chipinda chimene anawalanda. Ndinati achisiye chiwole, mwini wake adzaone.

“Mwanayu akutsokomola,” anatero ali pamwamba. “Sanandilakwire iyeyu.” Anatokosa kanthawi, kenako anawonjezera: “Komanso kuseri kwa mabodiwo kuli ntchito yanga. Sindifuna iwole.”

Atamaliza anasesa tizidutswa tonse n'kutaya m'bini. Anakwera m'chipinda muja, Fortunate ali kusukulu, kupukuta chuku ndi viniga, kutsegula zenera, n'kutsitsa mayunifolomu kukayanika mu galaja. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pa maondo, akuyang'ana katani yawo. Anakhalapo mwina mphindi zisanu. Podzuka anasalaza pamene anakhala.

Kubwalo la ndege ndinawaperekeza ndine ndi a Samantha. Masutikesi onse awiri anadzaza ndi maphukusi a anthu, aliyense ndi dzina lake ndi nambala ya foni yolembedwa pa tepi. Zovala zawo zina zinatsala mu galaja chifukwa sikelo inakana. Mapasa analira, akuwafunsa m'Chingerezi kuti azakhali abweranso liti, iwo n'kumawayankha m'Chichewa kuti azimvera mayi awo.

A Rodney atabwera anagula makina oyamwa chinyezi n'kuwaika m'chipinda muja. Madontho anasiya, Fortunate anachira, ndipo makinawo anatamandidwa pa gulu lonse la abambo. Nyengo nayo inali itayamba kufunda, ndiye panalibe woti n'kutsutsa.

Mu Okutobala ndikudutsa pamsewu wawo Loweruka masana, ndinaona makwerero atatsamira khoma, a Rodney ali pamwamba ndi chitini chatsopano. Anandipatsa moni mwansangala n'kundiuza kuti makoswe a kuno ndi oopsa, adya thovu lonse m'mabowo onse osasiyako ngakhale limodzi.

Ndinaima pa geti.

“Si makoswe, bambo a mapasa. Ndi achemwali anu. Anatokosa ndi mpeni wa buledi, masiku atatu, ine nditawagwirira makwerero omwewo. N'chifukwa chake munasiya kudontha.”

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chitini. “Nanga osandiuza bwanji?”

“Anakuuzani mu Meyi. Ndinalipo.”

Kenako anaseka kaphwete kopanda chimwemwe, n'kunena kuti achemwali ndi ouma mutu kuyambira kale, ndipo chimene chinaumitsa chipinda ndi makina, umboni wake ndi madzi amene amakhuthula m'menemo. Anandithokoza chifukwa chowaganizira, n'kupereka moni kwa amuna anga. Ndisanafike pakona ndinamva chitini chikupoperanso.

A Margreth amandiimbira Lamulungu lililonse lachiwiri. Ali pa Chinkhoma, ayambanso kugulitsa tomato. Nkhuku anapeza zitatsala zitatu. Maphukusi onse anafika kwa eni ake, ndipo mafuta a mayi anga anakapereka okha ku Dedza pa minibasi, akuti munthu wotumidwa akanachedwa. Za achimwene awo safunsa. Amafunsa za mapasa, ngati wamng'ono uja wasiya kuiwala chipewa, ndipo pomaliza amafunsa za mabowo, ngati adakali otsegula.

Lamulungu lotsatira tsiku lija anafunsanso. Ndinali nditakonza zoti ndinene kuti sindinadutseko. Koma anthu anali atawabisira zokwanira, ndiye ndinawauza kuti atsekanso, onse makumi awiri ndi anayi.

Pafoni panamveka tambala ndi wailesi ya anansi awo.

“Chabwino,” anatero. “Mumuuze Fortunate, ikafika Juni asamayanike zovala m'katimo, ndipo m'mawa azitsegula zenera ngakhale kuzizire. Mpeni uja ndinausiya mu galaja, pamwamba pa shelefu ya penti. Mumusonyeze zala zitatu zija, mwina iyeyo amva.”